Ndere Yokhala ndi Pakamwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaona chinthu chooneka ngati udzu chikutsegula pakamwa n'kudya. Amene amandidziwa angakuuzeni kuti kukhala chete si khalidwe langa, koma tsiku limenelo mawu anandithera. Sukulu ndinaisiyira panjira, ndipo musandifunse chifukwa, funso limenelo ndatopa nalo. Panopa ndimagulitsa zipangizo za magalimoto m'kashopu kena ku Ras Al Khor, kuno ku dziko la Aarabu. Zambiri zimene aphunzitsi ankandiuza zinauluka kalekale, koma zimene ndinaona m'botolo la jamu m'mawa wina zidakalipo m'mutu mwanga.

Tinkakhala ku International City, ine ndi Adadi, m'kanyumba ka chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya Matchaina. Amayi anali atabwerera ku Malawi, imeneyo ndi nkhani ina. Adadi anali injiniya pamalo ena pamene amachotsa mchere m'madzi a m'nyanja kuti anthu amwe. Mlongo wawo wamkulu, Anti Esinati, ankalera mwana m'nyumba ina yaikulu ku Al Garhoud, ndipo ankagona komweko. Mwanayo anali Hamudi, wa zaka zinayi, wamasaya onenepa, wolira msanga. Anti ankamukonda mopitirira muyezo. Ana awo enieni anali ku Ntcheu, akudya ndi kuphunzira ndi thukuta la ku Al Garhoud, pamene mayi wawo ankagonetsa mwana wa eni ndi nyimbo za kwathu.

Lachisanu lina Madamu, mayi ake a Hamudi, analola kuti ndipite nawo kunyanja. Sikuti ankandikonda ayi, ankangofuna wina woti azithamangitsana ndi mwanayo. Dalaivala anatisiya pagombe lina pamene pali mpanda wa miyala ikuluikulu yotchinga mafunde. Madamu anakhala pansi pa ambulera patali ndithu, foni ili kukhutu. Ife atatu tinalowera kumiyala kuja. Nyanja ya kuno imapita n'kubwera, ndipo nthawi imeneyo inali itapita, n'kusiya miyala yonyowa, yonunkha mchere ndi nsomba.

Gombe limenelo nthawi zina limalavula timibulu ta phula lakuda. Hamudi anakhalira kamodzi, ndipo phulalo linamupakika pakatumba mpaka kuseri kwa bondo. Anti anachita mantha. Madamu ankadana ndi litsiro kuposa tchimo, ndipo mipando ya galimoto yawo inali yoyera. Tsono Anti anachita zimene anachita moyo wawo wonse kumtsinje kwawo ku Ntcheu: mwana akada, umazula ndere kapena udzu wa m'madzi n'kumukhula nawo. Anawerama, napisa dzanja pansi pa mwala pamene panali chingwe chakale chomira m'madzi, nazula chinthu chotuwa chimene chinamera pamenepo. Anagwira mwendo wa mwana n'kukhula.

Hamudi anakuwa kukuwa kumene ndinali ndisanakumvepo. Anti anataya chinthu chija, natsegula botolo la madzi akumwa n'kumuthira pamwendo. Kulira kunangowonjezeka. Tikuyang'ana choncho, pakhungu lake loyera panayamba kutuluka mizere yofiira, yotupa, yondondozana, ngati wina wamukwapula ndi kamtengo kowonda.

Madamu anafika akuthamanga, mchenga ukuuluka. Ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chiarabu, ine ndingokuuzani m'Chichewa.

"Wamuchita chiyani mwana wanga?"

"Madamu, ndangomupukuta ndi ndere. Anali ndi phula."

"Ndere? Onetsa manja ako."

Anti anatambasula manja. Anali monga a masiku onse, ouma, okakala ndi sopo, opanda chotupa ngakhale chimodzi.

"Ngati ndi udzu umenewo, bwanji iweyo sunatupe?"

Madamu ananyamula mwana wawo n'kumufunsa kuti, "Habibi, mwana wanga wokondedwa, wakumenya ndani?" Hamudi anatambasulira manja kwa Anti akulira, "Dada, Dada," poti ndi mmene ankawaitanira. Ankafuna kuti amunyamule. Madamu anamva ngati mwanayo watchula wolakwa.

Titafika pageti la nyumba yawo, Madamu analanda foni ya Anti n'kunena kuti, "Khalas, basi zatha. Longedza katundu wako. Bambo ake akabwera ku ulendo tipita kupolisi, kenako viza yako tifafaniza." Dalaivala anakanditula pokwerera basi ngati phukusi.

Adadi nditawauza, anakhala pampando osavula nsapato. Choyamba anati, "Tamanda, iwe ndiwe mwana. Za akuluakulu zisiye." Ndinawakalipira, chinthu chimene mwana wa ku Ntcheu sachita. Ndinati ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa, Anti sanamenye munthu.

"Ndere siiluma," anatero.

"Imeneyo inaluma!"

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Inali yoterera?"

"Ayi."

"Yobiriwira?"

"Ayi. Inali ngati nthenga ya nkhanga yonyowa. Pakati pakuda, tinthambi mbali iyi ndi iyi, tondondozana ngati mano a chipeso."

Pamenepo ndi pamene anavula nsapato. "Mawa tilawirira," anatero.

Kutacha anakokolola jamu yense amene anatsala m'botolo n'kumuika m'kapu, natsuka botololo. Anatenga magolovesi otsukira mbale, sizasi, ndi kagalasi kokulitsa zinthu kamene ankawerengera manambala ang'onoang'ono pa makina a kuntchito. Tinakwera takisi, chifukwa basi ya ku International City ikanatifikitsa nyanja itabwerera kale pamiyala.

Sindinawadziwe Adadi m'mawa umenewo. Munthu amene kunyumba ankayankha ndi mutu basi, anapinda buluku mpaka m'maondo n'kuyamba kudumpha miyala ngati mnyamata. Anatola kamtengo ka ayisikirimu kamene wina anataya n'kundipatsa.

"Usagwire kanthu ndi dzanja. Khudza ichi ndi kamtengoko."

Chinali chobiriwira, chofewa, chopanda maonekedwe enieni. Ndinachikhudza. Sichinachite kanthu.

"Chimenecho ndi chomera. Ndere yeniyeni. Tsopano ichi."

M'mng'alu wa mwala munali duwa lofiirira, lalikulu ngati chivundikiro cha botolo, masamba ake akugwedezeka m'timadzi totsalira. Nditangolikhudza, duwalo linadzipinda lonse n'kusanduka kachotupa ngati chibakera cha khanda. Ndinalumpha, kamtengo kanandigwa.

"Nyama," anatero Adadi akuseka. "Amati anemoni. Amene ukuti masambawo ndi manja ake."

Anandionetsa chibulu chooneka ngati mbatata yowola, chokhala ndi mabowo awiri. Atachitsindika ndi golovesi, chinandithira madzi kumaso. Nyama. Anandionetsa chinthu chachikasu chomata pamwala ngati phala lotayika, chodzaza timabowo, chimene sichinasunthe ngakhale ndinachibaya. Ndinati chimenechi ndiye chomera basi. Anapukusa mutu. Siponji, anatero, nayonso nyama, imakoka madzi m'timabowomo n'kusefa chakudya. Pa chigoba china cha nkhono panali chinthu choyera cholukana bwino ngati tinsalu toluka tija amayi a kwathu amayala pamipando. Anandipatsa kagalasi. Kabowo kalikonse pa kansaluko kanali kachipinda, ndipo m'kachipinda kalikonse munali mwini wake.

Ndinadzuka n'kuyang'ana kumbuyo. Nyumba zazitali za magalasi zinali zitayamba kunyezimira ndi dzuwa, zija anthu amachokera kutali kudzajambula. Kenako ndinayang'ana mwala umene ndinapondapo. Dzulo lake ndinaudumpha ngati mwala wamba. Tsopano ndinkasowa poika phazi. Paliponse panali wina wamoyo, wina akupuma, wina akudikira madzi abwere.

"Zonsezi mumazidziwa bwanji?" ndinafunsa.

"Kuntchito ndi adani athu. Zimamera m'mapaipi okokera madzi n'kuwatseka. Timazipala ndi mafosholo." Anayang'ananso chigoba chija. "Tsiku lina ndinatola kamodzi n'kukayang'ana. Kuyambira pamenepo ndimazipala ndithu, koma ndi ulemu."

Chingwe chija tinachipeza. Panali pogumuka pamene dzanja la Anti linazula, ndipo mbali zonse panatsala nthenga zija, zikuweyula m'madzi. Adadi anatukula chingwe pang'ono kuti ndione. Ndere ikatuluka m'madzi imafota n'kugwa ngati nsanza, anatero, koma ichi taona, chaima chilili. Thunthu lake ndi lolimba, nthambi zake sizimera mwachisawawa, ndipo panthambi iliyonse pali timadontho toyera. Ukaona zitatu zimenezi, bweza dzanja. Anadula kanthambi kamodzi ndi sizasi, nakaika m'botolo la madzi a m'nyanja, nakhazika botololo pamwala wafulati.

"Tsopano dikira."

"Tidikire chiyani? Anti akulongedza katundu!"

"Chikagwedezeka chimadzitseka. Madzi akhazikike kaye."

Ndinadikira moipa. Ndinadzikanda, ndinang'ung'udza, ndinaponya timiyala m'nyanja. Adadi anangonjuta pafupi ndi botolo ngati munthu wowedza. Patapita nthawi anandikodola ndi chala, osalankhula, n'kundipatsa kagalasi.

Kadontho kamodzi kanali katatupa. Ndikuyang'ana, kanatambasuka. Munatuluka timanja towonda kuposa ulusi, toonekera mkati ngati madzi omwewo, tikutambalala pang'onopang'ono mozungulira. Pakati pake panali kamutu kofiirira, ndipo pansonga ya kamutuko panali pakamwa. Kadontho kotsatira kanatsegukanso, kenako kena, kenako nthambi yonse, mpaka kanthu kaja kamene ndinkati udzu wouma kanachita maluwa paliponse, ndipo duwa lililonse linkasuntha palokha. Kachilombo kena kakang'ono ngati fumbi kanabwera kakusambira modumphadumpha. Kanakhudza kadzanja kamodzi n'kuuma pomwepo. Timanja tinakapinda, tinakapititsa kukamwa, pakamwa panatseguka, basi kanapita.

Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji ndisanapume. Maondo ankawawa pamwala koma sindinasunthe. Ndinali nditapitapo kutchalitchi Lachisanu lililonse la moyo wanga, poti kuno ndilo linali tsiku lopuma, koma mantha aja amanena m'Baibulo, oopa ndi kukondwa nthawi imodzi, ndinawamvera pamenepo, mphuno itagunda botolo la jamu.

"Dzina lake ndi haidiroidi," anatero Adadi motsitsa mawu, ngati tili m'nyumba ya eni. "Ndi achibale a jelefishi, nyama ya m'nyanja yofewa ngati phala imene imaotcha ukaikhudza. Pa timanja timeneto pali timikondo taululu tosaoneka ndi maso. Pachikhatho cha munthu wamkulu khungu ndi lochindikala, sitilowa. Makamaka chikhatho cha azakhali ako. Koma pamwendo wa mwana timalowa tonse. Ndipo ukathirapo madzi akumwa, timene tinatsala pakhungu timabayanso."

"Ndi nyama imodzi kapena zambiri?"

"Pakamwa ndi pambiri, koma mimba ndi imodzi. Imadutsa m'thunthumo. Mmodzi akagwira chakudya, onse akhuta."

Atanena zimenezi anayang'ana kunyanja. Sindinafunike kuuzidwa kuti ankaganiza za ana a ku Ntcheu. Anatseka botolo.

Ku Al Garhoud tinalowera geti la kumbuyo, la antchito. Sutikesi ya Anti inali kale pakhomo la kukhitchini, yomangidwa ndi chitenje poti zipi yake inafa. Anti anatuluka maso ali otupa.

"Achimwene, mwamubweretseranji mwanayu kuno? Bwererani. Nanunso viza yanu ili m'manja mwa anthu, musadziike m'moto chifukwa cha ine."

"Achemwali, taitanani Madamu."

Madamu anabwera koma sanatilowetse. Anaima pakhomo, dzanja lili pachitseko. Adadi anayamba kufotokoza ndi Chingerezi chawo cha kuofesi, chachitali, chaulemu, mawu aliwonse akutsatana ndi "Madamu". Koma timaluwa tonse tija tinali titadzitseka kalekale m'takisi. M'botolomo munkangooneka kanthambi kouma koyandama m'madzi akuda.

"Mwandibweretsera zinyalala m'botolo?" anatero Madamu. "Khalas, ndamva zokwanira." Chitseko chinayamba kutsekeka.

Sindinaganize. Ndinatsomphola botolo m'manja mwa Adadi, ndinalitsegula, ndinatulutsa kanthambi kaja ndi zala zanga, n'kukakhula mkati mwa mkono wanga kuyambira pachigongono mpaka pafupi ndi dzanja, mwamphamvu, monga Anti anachitira.

Poyamba sindinamve kanthu, ndipo mtima wanga unagwa. Kenako moto unayaka. Amene munayabwidwapo ndi chitedze, onjezeraniponi singano zotentha. Misozi inatuluka yokha koma sindinalire mokweza, ndinangouimika mkonowo pamaso pa Madamu, ndi zala zanga pambali pake kuti aone kuti zalazo zilibe kanthu. Tonse tinaima n'kumayang'ana khungu langa. Mizere inayamba kutuluka, yotupa, yondondozana.

Hamudi anasuzumira kuseri kwa diresi ya mayi ake. Anayang'ana mkono wanga, natukula mwendo wake wopakidwa mankhwala n'kuuika pafupi. "Sem-sem!" anakuwa mokondwa, kutanthauza kuti n'zofanana, ngati tapambana mpikisano.

Adadi ananditsuka mkono ndi theka la madzi a m'botolo. Kenako anatola kanthambi kaja ndi golovesi, nakabwezera m'madzi otsalawo, nakhazika botolo pasitepe. Polankhula tsopano Chingerezi cha kuofesi chija chinali chitatha.

"Dikirani madzi akhazikike. Muone nokha." Anawapatsa Madamu kagalasi.

Mayi amene sindinawaonepo akudikira munthu, amene ankaliza hutala dalaivala asanatseke chitseko, ananjuta pasitepe ya khitchini yawo yomwe, diresi ikukhudza pansi, n'kudikira. Ndege zinkadutsa pamwamba pathu zikutsikira kubwalo. Mkono wanga unkagunda ngati uli ndi mtima wakewake. Ndinkaopa kuti ndazipha zonse pokhula paja. Koma kumunsi kwa kanthambiko kunatsala timadontho tingapo tosaphwanyika, ndipo patapita nthawi ndinaona phewa la Madamu likuuma.

"Subhanallah," ananong'ona. Anakhala choncho osachotsa diso. Kenako, osatembenuka, anati, "Esinati, bwera udzaone."

Anti anagwada pambali pawo, natenga kagalasi mwamantha, nakayandikiza ku diso limodzi, kenako ku linzake.

"Mayo ine! Achimwene, zili ndi manja! Ambuye Yesu, ndiye kuti ndinamukhulira mwana ndi zinthu zamoyo?"

Anakhala pamenepo awiriwo, mitu itagundana, akulandirana kagalasi ngati atsikana a sukulu, wina akutchula Mulungu m'Chiarabu, wina m'Chichewa.

Madamu sanapepese. Ndikufuna zimenezi zimveke bwino, chifukwa anthu ndikawauza nkhaniyi amakonda kuikongoletsa. Anadzuka, anasasa diresi, analowa m'nyumba, nabwerako ndi foni ya Anti ndi kachubu ka mankhwala opaka. Foni anaiika pamwamba pa sutikesi, mankhwala anandiponyera ine. "Yalla, fulumira, Esinati, Hamudi sanadye." Basi. Anti ananyamula sutikesi yawo n'kuilowetsanso mkati. Pakhomo anatembenuka n'kundikoka khutu.

"Iwe mwana, mutu wako ukuyenda bwino? Nanga chikanakhala chakupha?"

Anandikumbatira mwamsanga, mkono wotupa ndi wonse, n'kuthamangira kukatenthetsa mkaka. Anakhalabe m'nyumba imeneyo zaka zambiri, mpaka ana awo anamaliza sukulu.

Kwa nthawi yaitali ndinkainena nkhaniyi ngati kuti mkono wanga ndi umene unapulumutsa Anti. Ndinkaikonda choncho. Panopa ndikuona kuti mkonowo unangoletsa chitseko kutsekeka. Munthu angathe kuona mizere pakhungu la mwana wachibale wa wantchito, n'kuvomereza kuti walakwitsa, koma n'kukuchotsabe ntchito chifukwa cha manyazi. Chimene chinachititsa Madamu kuitana Anti ndi dzina lawo, mwa mawu amene ndinali ndisanawamvepo m'kamwa mwawo, chinali chija anaona atanjuta. Pamaso pa chinthu chotero palibe bwana. Aliyense amachepa mofanana, ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Zimandiwawabe kuti mawu a mayi amene analera mwana kuyambira ali wakhanda sanakwanire, mpaka panafunika kuti khungu la wina lipse. Zimenezo sindinakhululuke ndipo sindikulonjeza. Koma ndikudziwa tsopano kuti Anti anatcha nyama ndere chifukwa inafanana ndi za kwawo, ndipo Madamu anatcha Anti womenya mwana chifukwa mizere inafanana ndi ya chikwapu. Onse awiri anali otsimikiza. Kufanana kumanamiza, ndipo mankhwala ake ndi otopetsa: kukhazika chinthu pansi, kuchotsa manja, n'kuchilola chidzionetse chokha. Ine wosaleza mtimane, ndimalephera zimenezi pafupifupi tsiku lililonse ndi anthu. Ndi nyanja yokha sindilephera. Mzinda uno ukhoza kundiyesa chilichonse chimene ukufuna, koma m'mphepete mwake monse, pansi pa miyala imene anthu amakhalapo podya ayisikirimu, pompano pali timanja tosawerengeka tikutambasuka m'madzi, tokongola mopanda chifukwa, ndipo sitikudikira kuti wina ativomereze.